"Apa Ndi Pomwepo": Kuunika Maulendo a Magulu a Akhristu ku Dziko Loyera

Zaka zapitazi zabweretsa chinthu chimene ansembe amene anatitsogolera m'dayosizi ino ya Mangochi sankakumana nacho kawirikawiri. Timapepala toitanira akhristu ku ulendo wa ku Dziko Loyera tikufika m'maparishi mwathu, tina pa telefoni za m'manja, tina pa manja a akuluakulu a mpingo amene amapempha bambo mfumu kuti alengeze Misa isanathe. Ulendo umakhala wa masiku asanu ndi atatu kapena khumi, mtengo wake umatchulidwa m'madola, ndipo pa kapepalapo pamandandalikidwa maina amene mkhristu aliyense anayamba kuwamva ali kumsana kwa amake: Betelehemu, Nazarete, Kana, Yordani, Gologota. Nkhondo imene inabuka m'dzikolo mu October 2023 inaimitsa maulendo ambiri otere kwa nthawi yaitali, koma sinazimitse chilakolako cha anthu athu, ndipo ndi bwino kuti tiiganizire nkhaniyi modekha wina asanatigwire mkono pa khomo la tchalitchi.

M'nkhani ino tifuna kuunika ndondomeko ya maulendowa monga momwe tikadaunikira buku. Ndondomeko ya ulendo imaphunzitsa ndithu: imasankha chimene munthu aone, imamuyezera mphindi zoti akhale pa malo, ndipo imamupatsa mau oti akasimbe kwao. Wansembe amene walengeza ulendo pa guwa wabwereketsa dzina lake ku chiphunzitso chimenecho. Tikudziwanso kuti m'maulendo ambiri otere wansembe kapena m'busa wosonkhanitsa gulu amapatsidwa mpando waulere, kotero pa mlandu uwu ife ansembe tili ndi mbali, ndipo nkoyenera kuti poweruza tiyambe taulula zimenezi.

Palibe mkatolika amene angapeputse malo. Dzina la Ponsio Pilato timalitchula pa Misa ya Lamulungu lililonse chifukwa chipulumutso chathu chinachitika m'dziko lodziwika, pa nthawi yodziwika, pansi pa bwanamkubwa amene dzina lake linapezeka lozokotedwa pa mwala ku Caesarea m'chaka cha 1961. Mwana wa Mulungu atakhala munthu anaponda dothi, ndipo dothilo likadalipo. Komabe mtsutso wa ubwino wa maulendowa ndi wakale ngati maulendo eni ake. Gregory wa ku Nyssa anapita ku Yerusalemu cha m'ma 380, ndipo atabwerako analemba kalata yoletsa amonke kudzivuta ndi ulendowo, ponena kuti Ambuye sanauike pakati pa ntchito zolowetsa munthu mu Ufumu, ndi kuti iye mwini ankakhulupirira kale za kubadwa kwa Khristu asanaone Betelehemu. Jerome Woyera, amene anakhala ku Betelehemu kuyambira mu 386 mpaka imfa yake, ankaphunzitsa kuti woona dziko la Yudeya ndi maso amamvetsa bwino Malembo, koma yemweyo mu 395 analangiza Paulinus wa ku Nola kuti asaganize kuti chikhulupiriro chake nchoperewera chifukwa sanafike ku Yerusalemu. Anthu awiriwa sankatsutsana kwenikweni. Onse ankaopa mkhristu woyenda ndi miyendo yokha.

Amene atithandize koposa ndi mai wina dzina lake Egeria, amene anayendera malowa kuyambira mu 381 mpaka 384 nalembera alongo ake a m'chikhulupiriro zimene anaona. Pa malo alionse gulu lake linkapemphera, kuwerenga ndime ya Malembo yokhudza malowo, kuimba salimo, ndi kupempheranso. Atafika pamene anthu ankati panali mwala wamchere wa mkazi wa Loti, analemba poyera kuti malowo anawaona koma mwalawo sanauone, ndipo sanafune kunamiza alongo akewo. Mai ameneyu anayenda zaka zitatu, ankafunsa mafunso, ndipo ankasiyanitsa chimene waona ndi chimene wauzidwa. Tiyeni tiike ndondomeko za masiku ano pa muyeso wake.

Mau amene amamveka koposa m'basi ya amwendamnjira ndi akuti "apa ndi pomwepo." Namulondola amawanena ku Kaperenao, amawanenanso ku Kana, ku Emausi, ndi pa malo alionse khumi ndi anai a Njira ya Mtanda, ndi liu limodzimodzi. Apa ndipo pagona vuto lalikulu la maulendowa. Pa bwalo la mfumu aliyense amadziwa kuti mboni sizilemera mofanana. Pali mboni yoona ndi maso, pali yongomva kwa ena, palinso munthu wodzaperekeza mbale wake, amene amalankhula mwachikondi koma sanaone kanthu. Nduna yanzeru imamvetsera onsewa mwaulemu, koma siwaika pa mlingo umodzi. Malo a m'Baibulo nawonso ndi mboni, ndipo ulemu woyenera mboni ndi kuifunsa.

Ena mwa malowa amayankha molimba akafunsidwa. Ku Kaperenao, kumene ansembe a chipani cha Fransisko Woyera anagula malo mu 1894, Bambo Virgilio Corbo ndi Bambo Stanislao Loffreda anayamba kufukula mu 1968, ndipo pansi pa tchalitchi cha ngodya zisanu ndi zitatu cha zaka za m'ma 400 anapeza nyumba yopemphereramo ya m'ma 300, ndipo pansi pa iyo nyumba wamba ya m'nthawi ya Yezu, imene chipinda chake chimodzi akhristu anayamba kale kuchipatula ndi kulembapo mapemphero pa makoma. Umenewu si umboni wotseka pakamwa kuti nyumbayo ndi ya Petulo, koma ndi umboni wolemera. Sunagoge woyera wokongola amene alendo amajambulitsa pafupi pomwepo ndi wa zaka za m'ma 300 kapena 400, ndipo Yezu sanalowemo. Chimene chingakhale cha m'nthawi yake ndi maziko a miyala yakuda ali pansi pake, amene ambiri amawadutsa osawaona. Manda Oyera a ku Yerusalemu nawo ali ndi mlandu wolimba. Malowo anali kunja kwa linga la mzinda pa nthawi ya Yezu, anali pokumbapo miyala pakale pamene panasemedwa manda a m'zaka zomwezo, mfumu Hadrian inamangapo kachisi wa milungu yake cha m'ma 135, ndipo amisiri a Constantine anagumula kachisiyo namanga tchalitchi chimene chinadalitsidwa mu 335. Pamene mandawo anatsekulidwa pokonzanso mu 2016, matope omangira amene anayezedwa anapezeka kuti ndi a zaka za m'ma 300.

Malo ena amayankha mwa mtundu wina. Njira ya Mtanda imene magulu amayendamo atasenza mtanda wobwereka ndi pemphero la Eklezia limene linakula pang'onopang'ono m'zaka mazana ambiri. Veronika ndi kugwa katatu kwa Ambuye sizipezeka mu Mthenga Wabwino. Miyala ya pansi ndi chipata chimene amachitcha Ecce Homo ndi za m'nthawi ya Hadrian, zaka zana Yezu atafa, ndipo akatswiri ambiri amaganiza kuti Pilato anaweruza mlanduwo ku nyumba yachifumu ya Herode, ku mbali ina ya mzinda. Kana ali pawiri, Kafr Kanna kumene mabasi amaima ndi kumene maanja amabwereza malonjezo a ukwati, ndi Khirbet Qana, bwinja la pa phiri limene ofukula zakale ambiri amalikonda. Emausi ali panai, ndipo ngakhale mipukutu yakale ya Luka 24:13 sigwirizana pa kutalika kwa mtunda wake. Nanga Manda a m'Munda, amene magulu osakaniza mipingo amawakonda chifukwa cha bata ndi maluwa ake? Malowa anatchuka chifukwa cha maganizo a msilikali wachingerezi, General Charles Gordon, mu 1883, ndipo mu 1986 katswiri wofukula zakale Gabriel Barkay anasonyeza kuti mandawo anasemedwa zaka mazana asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu Khristu asanabadwe, pamene Yohane 19:41 akunena za manda atsopano. Tiyenera kuvomereza kuti osamalira mundawo eni ake sakakamiza kuti ndi pomwepo. Okakamiza ndi timapepala ta ulendo.

Wina adzati: kodi zimenezi zili ndi kanthu kwa mai wachikulire wa m'bungwe la Legio amene wagwada nalira pa mwala? Misozi yake ndi yoona, ndipo Mulungu amailandira ngakhale mwalawo ukhale wa Hadrian. Koma m'filosofi tinaphunzira kuti kuvomereza kwa nzeru kuyenera kulingana ndi kulemera kwa umboni, ndi kuti chikhulupiriro cha umulungu ndi chidziwitso cha mbiri yakale zili ndi magwero osiyana. Tikazimanga pa mtolo umodzi, chimodzi chikagwa chimagwetsa chinzake. Mdzukulu wa mai uja ali ku koleji, ali ndi intaneti m'thumba, ndipo tsiku limene adzawerenge za Barkay adzafunsa kuti: ngati ananamiza agogo pa za manda, nanga za kuuka kwa akufa bwanji? Adzakhala atalakwitsa kaganizidwe, koma amene anamukonzera msampha ndi ife. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo gulu limene laphunzitsidwa kuti kufunsa nkusowa chikhulupiriro limadya phula lambiri pa masiku khumi. Eklezia sanaope mafunso amenewa. Bambo Marie-Joseph Lagrange anatsekula École Biblique ku Yerusalemu mu 1890 kuti Malembo aziwerengedwa pamodzi ndi dziko lake, ndipo buku lotsogolera alendo limene Bambo Jerome Murphy-O'Connor wa pa sukulu yomweyo anatulutsa mu 1980 limauza wowerenga poyera pamene umboni uli wolimba ndi pamene uli wofooka. Wansembe wotsogolera gulu osaliwerenga buku lotere akupita kukakhala mlendo pakati pa nkhosa zake zomwe.

Tsono tifike pa mboni imene palibe amene angaikayikire, imenenso ndondomeko za maulendo zimaichitira chipongwe koposa: Nyanja ya Galileya. Nyanja sisamuka, ndipo palibe mfumu imene ingamange kachisi pamwamba pake. Kutalika kwake ndi makilomita 21, m'lifupi makilomita 13. Awerengi a kuno angadabwe kumva kuti nyanja ya Malombe, imene timaiyesa kamwana chabe ka nyanja yathu yaikulu, imaposa ya Galileya kawiri ndi kupitirira. Koma ya Galileya ili m'chidikha, mamita oposa 200 kutsikira pansi pa mlingo wa nyanja zamchere, yozingidwa ndi mapiri, ndipo mphepo ikatsika m'zigwa imautsa mafunde mwadzidzidzi. Munthu wa ku London kapena ku Milano afunika kumufotokozera zimenezi. Munthu wa ku Makawa kapena ku Msaka, amene wadikirapo pa gombe usiku wa mwera bwato la mlongo wake lisanabwere, amenenso amadutsa pafupi ndi nsanja ya wotchi pa boma la Mangochi pamene pali chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946, amaidziwa nkhani ya namondwe ya pa Marko 4 ndi mimba yake.

Kunena zoona, pa gombe la Galileya anthu athu ndiwo aphunzitsi. Fanizo la pa Mateyo 13:47-50 likunena za khoka, lomwe lija amuna amalikoka m'magulu awiri kuchokera pa mtunda, ndipo likafika pa mchenga anthu amakhala pansi kusankha nsomba. Nsomba yotayidwa inali yotani? Lamulo la pa Levitiko 11 linkaletsa nsomba yopanda mamba, ndipo m'nyanja imeneyo nsomba yotere ndi mlamba, wa mtundu womwewo umene timawedza m'Shire ndi m'Malombe. Chimene msodzi wachiyuda ankataya ndi ndiwo ya ulemu kwathu, ndipo mlaliki amene wazindikira zimenezi sangalalikenso fanizolo mwachibwana, ngati kuti oipa amaoneka ndi nkhope. Kugwira ntchito usiku wonse osapha kanthu, kumene Petulo akudandaula pa Luka 5, nkodziwika kwa aliyense amene wapitapo ku usipa ndi nyali. Marko 1:20 akuti Zebedeo anatsala m'bwato ndi antchito olembedwa. Kuno timati alovi, ndipo tikudziwa kuti wokhala ndi alovi ndi mwini zipangizo, munthu wa chuma ndithu pa mudzi. Ndiye kuti Yakobo ndi Yohane anasiya bizinesi ya banja imene ikadakhala cholowa chao, ndipo aseminale athu amene makolo ao anawawerengera ngati odzasunga banja angamve bwino kulemera kwa tsiku limenelo. Magadala, kumene mu 2009 kunafukulidwa sunagoge wa m'nthawi ya Yezu, unali mudzi wotchuka ndi nsomba zothira mchere, monga momwe magombe athu amadziwikira ndi matandala oyanikapo usipa.

Nanga ndondomeko imachita nayo chiyani nyanja imeneyi? Imapereka ola limodzi m'bwato la injini, mmene amalinyero amakweza mbendera ya dziko la alendowo naimbitsa nyimbo ya fuko, kenaka nyimbo zovina. Pambuyo pake gulu limapita kukadya "nsomba ya Petulo Woyera." M'gulu lina limene tinayenda nalo munali mai wogulitsa nsomba wa kufupi ndi Malombe, amene atangoiona m'mbale anati, "Abambo, ichi nchambo, koma chambo sichidya nyambo ya mbedza chonchi. Nanga Petulo anachiwedza bwanji?" Funso lakelo ndi lomwe Mendel Nun, msodzi wa ku Ein Gev amene anathera moyo wake pofufuza usodzi wakale wa pa nyanjayo, anafunsa m'mabuku ake. Nsombayo ndi ya banja la chambo, imadya tizomera ta m'madzi ndipo imagwidwa ndi ukonde, kotero nsomba ya mbedza ya pa Mateyo 17:27 iyenera kuti inali ya mtundu wina; dzina la Petulo linamatidwa pa iyo chifukwa ndi imene imakoma ndi kugulitsika. Maiyo anafika pa mfundo ya katswiri ndi nzeru za pa gombe, koma basi inali italiza kale hutala, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. Chimodzimodzi bwato lakale limene linapezeka m'matope ku Ginosar mu 1986, madzi ataphwa ndi chilala: kutalika mamita 8.2, m'lifupi mamita 2.3, la m'nthawi ya Yezu ndithu, lopangidwa ndi matabwa a mitengo yamitundumitundu ndi lokonzedwa kambirimbiri. Timapepala timalitcha bwato la Yezu, popanda umboni ulionse. Mmisiri wa mabwato wa ku Malindi atapatsidwa theka la ola pa bwato limenelo angawerenge pa zigamba zake umphawi wa eni ake, ndipo angatiphunzitse za Galileya koposa dzina lonamalo. Kuona maso a nkhono nkudekha, koma ndondomeko ya malo asanu ndi limodzi pa tsiku ilibe malo a kudekha.

Pa mtsinje wa Yordani vuto limasanduka la chiphunzitso cha masakramenti. Magulu ambiri amapita ku Yardenit, malo okonzedwa bwino amene anatsekulidwa mu 1981 pamene mtsinje umatuluka m'nyanja ya Galileya, chonsecho Mthenga Wabwino umaika ubatizo wa Yohane ku chipululu cha Yudeya ndi kutsidya kwa Yordani, kumwera kwenikweni, kufupi ndi Yeriko. Kumeneko kuli Qasr al-Yahud, amene anatsekedwa itatha nkhondo ya 1967 natsekulidwanso mu 2011, ndi Al-Maghtas ku tsidya la dziko la Jordan. Koma za malo nzochepa poyerekeza ndi zimene zimachitikapo. M'magulu osakaniza mipingo m'busa amalowa m'madzi, anthu amavala mikanjo yoyera yobwereka, ndipo mkatolika wobatizidwa kale amamizidwa pamodzi ndi anzake nalandira chikalata. Akabwerera ku mphakati wake amasimba kuti tsopano ndiye wabatizidwa kwenikweni. Kodi mau amenewa akuuza chiyani katekumeni amene anayenda zaka ziwiri kuphunzira, nabatizidwa ndi madzi a m'beseni usiku wa Pasaka ku Nankhwali kapena ku Namwera? Akumuuza kuti mphamvu ya ubatizo ili m'mtsinje, ndi kuti chisomo chokwanira nchoyembekezera tikiti ya ndege. Eklezia wa mu Africa anakhetsa thukuta pa nkhani ya kubatizanso m'masiku a Augustino Woyera ndi a Donatus, ndipo yankho silinasinthe: ubatizo ndi umodzi, wobatiza weniweni ndi Khristu. Chimene mkatolika amachita pa Yordani ndi kubwereza malonjezo a ubatizo wake ndi kuwazidwa madzi monga pa Pasaka, ndipo wansembe ayenera kufotokoza zimenezi gulu lisanakwere ndege, osati pa gombe pamene theka la anthu lavala kale mikanjo.

Chosowa china m'ndondomekozi ndi anthu. Papa Paulo VI, amene anayendera Dziko Loyera mu January 1964, analemba mu 1974 kalata yotchedwa Nobis in Animo, mmene anachenjeza kuti akhristu a m'dzikolo akadzatha kusamuka, malo oyera adzasanduka nyumba zosungiramo zinthu zakale. Yunivesite ya Betelehemu inatsekulidwa mu 1973 chifukwa cha nkhawa yomweyo. Komabe gulu limalowa m'Betelehemu kwa maola awiri kapena atatu, ola limodzi pa mzere wa ku phanga ndi lina m'sitolo ya makorona, osapemphera Misa ndi parishi ya pamalopo. Akhristu a ku Mangochi, kumene anthu ambiri ndi Asilamu, akadapindula kwambiri kumva akatolika anzao akupemphera Misa m'Chiarabu ndi kutchula Mulungu kuti Allah, ndiponso kuona kuti kiyi wa tchalitchi cha Manda Oyera amasungidwa ndi banja lachisilamu la Joudeh, pamene la Nuseibeh ndilo limatsekula chitseko, mwambo wa zaka mazana ambiri. M'malo mwake anamulondola ena amapereka kumasulira kumodzi kwa mkangano wa Aisraeli ndi Apalestina, kokutidwa ndi mavesi a aneneri, ndipo mkhristu wathu amabwera nako kudzakuthira pa mnansi wake wa ku mzikiti. Tisaiwalenso kuti kuyambira mu November 2023 achinyamata a ku Malawi mazanamazana anapita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Gulu lochokera kwao, lokhala ndi wansembe wolankhula chinenero chao, likadayenera kusiya malo amodzi a miyala kuti likawachitire Misa ndi kuwamvetsa kulapa.

Za ndalama tingonena mwachidule. Mwezi womwewo wa November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo mtengo wa m'madola unakwera tsiku limodzi kwa aliyense wolandira malipiro a kuno. Munthu ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito chuma chake pa ulendo wopatulika, ndipo sitidzabwereza dandaulo la Yudasi pa mafuta onunkhira. Chimene tikukana ndi kulalika ulendowu ngati udindo. Anansi athu achisilamu ali ndi Haji, imene ndi imodzi mwa nsanamira zisanu za chipembedzo chao, ndipo wobwerako amalandira dzina laulemu. Ku Nigeria akhristu ena anatengera zimenezi nayamba kulemba zilembo JP kumapeto kwa maina ao, kusonyeza kuti anafika ku Yerusalemu. Chikhristu chilibe lamulo lotere, ndipo kukambirana kwa Yezu ndi mai wa ku Samariya pa Yohane 4 kunatseka kale khomo limenelo. Mphunzitsi wopuma pa ntchito amene akufuna kuthera penshoni yake yonse pa ulendowu chifukwa wamva kuti kumeneko mapemphero amayankhidwa msanga ayenera kumva choona kwa bambo mfumu wake, ngakhale mpando waulere uja utayike.

Luso lofunsa malo siliphunziridwa pa bwalo la ndege. Liyenera kuyambira kuno, ndipo dayosizi yathu ili ndi sukulu yake pa khomo. Ku Yerusalemu, pafupi ndi dziwe la Betesda la pa Yohane 5, limene kufukula kunasonyeza kuti linali maiwe awiri olekanitsidwa ndi khoma monga momwe makonde asanu aja amafunira, pali tchalitchi cha Anna Woyera chimene a chipani cha White Fathers akhala akusamala kuyambira mu 1878. Patangopita zaka khumi ndi chimodzi, Kadinala Lavigerie anatuma ana a chipani chomwecho kuno. Pa 28 December 1889 Bambo Lechaptois, Bambo Mercui ndi Bambo Heurtebise anafika kwa Mponda, pa gombe la Shire pafupi ndi pamene mtsinjewo umatuluka m'nyanja. M'chaka chokumbukira zaka zana za kufika kwao ndi pamene Papa Yohane Paulo II anayendera Malawi mu May 1989.

Namulondola wa mtundu wa "apa ndi pomwepo" angaime kwa Mponda nanena kuti apa ndi pamene kuwala kunafikira, nkubwezera anthu m'basi. Mboniyo ikafunsidwa imanena zambiri zovuta. Ansembewo anabwera mothandizidwa ndi boma la Portugal, limene linkafuna kuti mishoniyo ikhale chizindikiro chakuti dera lino ndi lake, ndipo Britain itaopseza Portugal mu January 1890 anatsala opanda msana. Anakhala m'mudzi wa mfumu yachiyao yachisilamu imene chuma chake chinkadalira malonda a minyanga ndi akapolo, anapereka mankhwala, anaphunzitsa ana ochepa, anadwala malungo, ndipo mu June 1891 ananyamuka kupita ku Mambwe, m'dziko limene lero ndi Zambia, osasiya mpingo. Mu October chaka chomwecho Harry Johnston anaomba mudziwo ndi mizinga namanga linga limene linapereka dzina la Fort Johnston. Eklezia Katolika anadzabwerera mu 1901 ku Nzama ndi a Montfort, ndi mu 1902 ku Mua, ndipo Mangochi inakhala dayosizi mu 1973. Ku Cape Maclear nkhani ndi yofanana: amishoni a ku Scotland anafika ndi sitima ya Ilala mu 1875, anasiya manda, pakati pao a Dr William Black amene anamwalira mu 1877, anabatiza Albert Namalambe mu 1881, ndipo chaka chomwecho anasamukira ku Bandawe.

Zolemba za tsiku ndi tsiku za ansembe a kwa Mponda zilipo, ndipo Ian Linden anazimasulira m'Chingerezi nazisindikiza m'ma 1970. Tikupempha kuti mseminale aliyense, asanalote za Galileya, apite nazo zolembazi pa gombe la Shire, aziwerenge pamalopo, alekanitse zimene ansembewo anaona ndi maso ndi zimene anangomva kwa omasulira ao, kenaka akhale pansi ndi akuluakulu a m'mudzimo amve m'Chiyao momwe iwo amaisimbira nkhani ya mfumu yao ndi alendo a mikanjo yoyera aja. Kuchokera pa boma la Mangochi munthu amafikako pa njinga ya kabaza.